Funsani Wazingwe: Besi imathawira pa kamphira

Makalata a mwezi uno ambiri akufunsa za timahedifoni ta chingwe tolowa m'kati mwa khutu, timene pa mabokosi amalemba kuti IEM. Kwa inu amene mwalipeza koyamba tsamba lino, ine ndimakonza mafoni ndi mawailesi pa Chitakale, ndipo kumapeto a sabata mumandipeza kuseri kwa mikisa pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa mikumano ya makwaya. Udokotala wa makutu ndilibe, choncho pamene pakufunika chipatala ndikutumizani ku chipatala. Makalata ena ndawadula kuti akwane.

FUNSO: Mchimwene wanga wa ku Johannesburg wanditumizira timahedifoni ta KZ, toonekera za m'kati, tokhala ndi chingwe chopota chokoleka kukhutu. Iye akuti ndi tapamwamba. Koma ine ndikamvera, mawu ake ndi opyapyala, besi mulibiretu, mpaka tikuposedwa ndi aja ndinagula pa msika wa Luchenza. Kodi anamugulitsa zachinyengo, kapena foni yanga ya Tecno ndiyo yachepa mphamvu? Mphunzitsi, Luchenza.

YANKHO: Aphunzitsi, musafulumire kumudandaulira mchimwene wanuyo. Zachinyengo zilipo ndithu pamsika, koma anthu ambiri amene amafika pabenchi langa ndi dandaulo ngati lanuli amakhala kuti timahedifoni tawo tili bwinobwino. Wolakwa amakhala kamphira kaja ka kunsonga, kamene anthu amangokayesa kokometsera.

Timahedifoni ta mtundu uwu anatipanga kuti titseke khutu kotheratu. Ngalande ya khutu la munthu wamkulu ndi yotalika masentimita pafupifupi 2.5, ndipo kamphira kakakhazikika bwino, pakati pa kasipika ndi mwinikhutu pamatsala mpweya wochepa kwambiri, wotsekeredwa. Kasipika ka mamilimita 10 sikangathe kugwedeza mpweya wa m'chipinda chonse, koma mpweya wotsekeredwa uja kamaukankha mosavuta, ndipo besi imamveka yodzadza. Pakangotsala kampata, ngakhale kosaoneka ndi maso, mawu apansi amapulumukira panja. Mawu apamwamba sathawa choncho, amafikabe. Ndiye chifukwa chake mukumva oimba ndi zitsulo za pa ng'oma zokha, koma gitala ya besi kuli zii.

Yesani izi musanachite china chilichonse. Ikani nyimbo yomwe mukuidziwa kuti ili ndi besi yambiri, kenako kanikizani timahedifoni tonse tiwiri ndi zala, pang'ono chabe. Besi ikabwera mutakanikiza n'kuthawanso mukachotsa zala, mwaupeza mlandu. Njira ina ndi kuzimitsa nyimbo n'kung'ung'udza chamumtima. Khutu likatsekeka, mawu anu omwe amamveka aakulu m'mutu, ndipo phokoso la ana panja pa kalasi limatsikira pansi.

M'bokosimo munali kapepala ka pulasitiki kokhala ndi timphira tina, tating'ono, tapakati ndi tatikulu. Ndikukhulupirira simunatayire limodzi ndi bokosi, poti ambiri amatero. Yesani tonse, ndipo khutu lililonse muliyese palokha, chifukwa makutu a munthu mmodzi sakhala ofanana. Ine lamanzere limafuna kapakati, lamanja kakakulu. Kamphira kakachepa kamalowa mosavuta koma sikatseka. Kakakula kwambiri kamapindika m'mbali polowa, ndipo pa mpindo pomwepo ndi pamene mpweya umadutsa. Mukakachotsa msanga n'kukayang'ana, mumaona kamzere kamene kanapindikira.

Kalowetsedwe nakonso kali ndi luso lake. Ngalande ya khutu si yowongoka. Dutsitsani dzanja lamanzere pamwamba pa mutu, gwirani khutu lamanja kumtunda n'kulikokera m'mwamba chakumbuyo. Ngalande imawongoka. Lowetsani kahedifoni ndi dzanja linalo mukukapotoza pang'ono, kenako siyani khutu kuti ligwire kamphira. Chingwe chizikwera pamwamba pa khutu n'kutsikira kuseri. Ndaonapo anthu ochuluka atavala mozondotsa, chingwe chikulendewera kutsogolo, kamanja kali kumanzere. Tsatani zilembo L ndi R zomwe zili pa kahedifoni ndi pa chingwe pomwe.

Zina ziwiri zoti muonenso. Chingwe cha timahedifoni totere chimazuka, chimalumikizidwa ndi timapini tiwiri. Mbali imodzi mukailumikiza motembenuza timapinito, mawu amatuluka ndithu, koma woimba samveka pakati pa mutu, amangomwazika, ndipo besi imasowa pokhala. Chachiwiri ndi kava ya foni. Makava okhuthala amaletsa pulagi kulowa mpaka kumapeto, ndiye nyimbo imamveka ngati woimba wachokamo, patsala zoimbira zokha. Vulani kava muyesenso. Za mphamvu ya Tecno musade nazo nkhawa. Timahedifoni tambiri totere timakhala ta ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa) pakati pa 16 ndi 32, ndipo timafuna magetsi ochepa kwambiri. Foni iliyonse yokhala ndi bowo la mamilimita 3.5 imatiyendetsa.

FUNSO: Ndakhala ndikusunga kandalama kuti ndigule tabwino. Pa Facebook wina akugulitsa tokhala ndi timasipika tisanu mbali iliyonse, wina ta kasipika kamodzi, koma mtengo ndi wofanana. Si zachidziwikire kuti tisanu tiposa kamodzi? Wophunzira za unamwino, Makwasa.

YANKHO: Achemwali, kwaya ya anthu asanu amene sanakonzekere limodzi imaposedwa ndi munthu mmodzi wodziwa nyimbo yake. Chiwerengero cha timasipika chimagulitsa malonda, koma sichikuuzani mmene tidzamvekere.

Mitundu imene mungakumane nayo kawirikawiri ndi iwiri. Woyamba amautchula dynamic, ndipo ndi sipika wamba yongochepetsedwa: maginito, kawaya kopiringizidwa ndi kachikopa kopyapyala kamene kamagwedezeka. Kameneka kamakankha mpweya wambiri, ndiye besi yake imakhala ndi thupi. Wachiwiri ndi balanced armature, kabokosi kachitsulo ka mamilimita ochepa, m'kati mwake muli kachitsulo kogwedezeka pakati pa maginito awiri. Mtundu uwu unakhala zaka zambiri m'zipangizo zothandiza anthu a vuto la kumva, ndipo kampani ya Knowles ya ku America ndi imodzi mwa zodziwika poupanga. Umatulutsa bwino tinthu ting'onoting'ono ta m'nyimbo, koma kamodzi pakokha kamavutika kukwanitsa mawu onse kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndipo apa ndi pamene panachokera nzeru yoika tingapo, kalikonse ndi gawo lake.

Nzeruyi inayambira kwa oimba. Kampani ya Etymotic inatulutsa ER-4 mu 1991, ya kasipika kamodzi. Mu 1995 Jerry Harvey, yemwe ankayendetsa mawu a pa siteji a gulu la Van Halen, anapangira woimba ng'oma wa gululo, Alex Van Halen, timahedifoni ta timasipika tiwiri, kena ka mawu apansi kena ka apamwamba, kuti azimva anzake pakati pa chiphokoso. Kampani ya Ultimate Ears inabadwira pamenepo. Zinali zinthu za anthu andalama. Makampani a ku China ndiwo anadzagwetsa mitengo, moti mu 2022 kunatuluka Moondrop Chu ndi 7Hz Salnotes Zero, tonse ta kasipika kamodzi ka dynamic ka mamilimita 10, pa mtengo wa madola pafupifupi 20, ndipo anthu okonda nyimbo anatiyamikira kwambiri.

Chimene chimapangitsa kahedifoni kumveka bwino ndi kagawidwe ka mawu. Khutu lathu mwachibadwa limakweza mawu a pafupi ndi 3,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), chifukwa cha maonekedwe a khutu lakunja ndi ngalande yake. Mukatseka ngalandeyo ndi kamphira, kukweza kuja kumasokonekera, ndiye wopanga amayenera kukubwezeramo yekha. Akabwezera mopitirira, oimba amamveka ngati akukukalipirani. Akaperewera, amamveka ofundikiridwa. Akatswiri a kampani ya Harman, motsogozedwa ndi Sean Olive, anayesa anthu ambiri kuti aone kagawidwe kamene amakakonda, n'kutulutsa muyeso wa timahedifoni ta m'khutu mu 2017, umene anaukonzanso mu 2019. Opanga ambiri masiku ano amayambira pa muyeso umenewo.

Timahedifoni totchipa ta timasipika tambiri kawirikawiri amaika ka balanced armature m'kampopi mwenimweni, pafupi ndi mwinikhutu, ndipo amakweza besi ndi mawu apamwamba n'kusiya apakati ali m'dzenje. Pa mphindi ziwiri zoyesera pa sitolo mumadabwa nato, mumati koma izi ndiye zenizeni. Pakatha ola limodzi mutu wayamba kulemera. Ine pa mtengo wotsikawu ndimasankha ka dynamic kamodzi kopangidwa mosamala, ndipo sindinong'oneza bondo.

Ngati wogulitsa angalole kuti muyese, musayesere nyimbo imene iye wakusankhirani. Tengani nyimbo ya kwaya imene mumaidziwa pamtima. Mverani ngati alito ndi tena akusiyanitsika, kapena angophatikizana kukhala phokoso limodzi pansi pa sopulano. Mverani pamene oimba akutchula "s" ndi "ts", ngati zikulasa. Kenako ikani ng'oma, kaya ndi za tchopa zomwe wina anajambula kwa Chonde. Kahedifoni kabwino kamakumvetsani dzanja likumenya chikopa, kenako kugunda kwake. Koipa kamangotulutsa mbuu wopanda chiyambi. Ndipo yesani pa voliyumu yotsika, poti pokweza chilichonse chimamveka chokoma. Manambala aja a pa bokosi, akuti mpaka 40,000 Hz, asakutengeni mtima. Khutu la mwana limalekezera cha pa 20,000 Hz, ndipo ife akuluakulu tinatsika kale pamenepo.

FUNSO: Ndimasoka tsiku lonse ndipo ndimakonda kumvera nyimbo za uzimu ndikugwira ntchito. Koma pakangotha ola limodzi makutu amawawa, nthawi zina kuyabwa m'kati. Ndisiye? Telala, Nkando.

YANKHO: Mayi, choyamba pezani pamene pakuwawa, chifukwa malo ake ndi atatu ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Ngati kukuwawa kunja, pa kakhonde ka khutu pamene chigoba cha kahedifoni chimakhala, ndiye kuti chigobacho chakukulirani. Timahedifoni ta timasipika tambiri timakhala tonenepa, ndipo tina tili ndi kamphuno kotulukira kamene kamatsamira pa chichereŵechereŵe cha khutu. Pamenepo kusintha kamphira sikuthandiza. Mufunika kachigoba kakang'ono, ndipo amayi ambiri amapeza mtendere ndi tija towongoka, tolendewera chingwe pansi. Muonenso kulemera. Tachitsulo timakongola, koma timakoka khutu, ndipo m'nyengo ya chiperoni timazizira polowetsa. Tapulasitiki n'topepuka.

Ngati kukuwawa m'ngalande, vuto ndi kamphira kapena kampopi kamene kamphirako kamavalidwapo. Timipopi tina ndi tonenepa mamilimita 6 kapena kuposa, ndipo khutu laling'ono silingapirire. Yambani n'kutsika saizi imodzi. Zikakanika, funani timphira ta siponji. Timeneti mumatifinya ndi zala mpaka tiphwatalale, n'kulowetsa, n'kugwira masekondi angapo kuti tifufume tokha motsatira khutu lanu. Timatseka bwino ndipo sitikanikiza malo amodzi. Kuipa kwake timamwa thukuta ndi litsiro, sititsukika bwino, timatha pa miyezi yochepa, ndipo timachepetsako mawu apamwamba. Ta silikoni timakhala nthawi yaitali ndipo mutha kutivula, kutitsuka ndi sopo, n'kutiumitsa bwino musanatibwezere.

Kachitatu ndi kumva ngati khutu ladzadza mpweya. Yang'anitsitsani chigoba, mupeza kabowo kakang'ono kwambiri pafupi ndi kampopi. Ntchito yake ndi kupumitsa mpweya. Kakatsekeka ndi litsiro, kapena mukalowetsa mwamphamvu, mwinikhutu umakanikizika, ndipo nthawi zina mumamva kachikopa ka kasipika kakuti khirikiti. Lowetsani pang'onopang'ono mutakoka khutu, kukamwa kuli kotsegula pang'ono.

Za kuyabwa ndiye tisaseke nazo. Khutu lotsekedwa maola ambiri limasunga chinyontho ndi kutentha, ndipo kamphira kamakankhira phula la m'khutu m'kati. Muzivula ola lililonse kwa mphindi zingapo. Musamabwerekane ndi ana kapena anzanu a pa khonde. Musatokose ndi kamtengo ka machesi, nthenga, kaya chipini cha ntchito yanuyo. Khutu likayamba kutuluka madzi kapena mafinya, kapena kuwawa ngakhale simunavale kanthu, siyani kaye timahedifoni mupite ku chipatala. Kukafunika akatswiri adzakutumizani ku Gulupu ku Blantyre, kumene kuli madokotala a makutu ndi malo oyezera kumva.

Ndipo poti muli pa makina, chingwe chizidutsa m'kati mwa bulauzi, foni ili m'thumba. Chingwe cholendewera pafupi ndi gudumu la makina tsiku lina chidzakokedwa, ndipo chidzazula kahedifoni m'khutu mwamphamvu. Kuchibisa kumachepetsanso phokoso lija la chingwe chikamakhuzana ndi nsalu, lomwe limamveka kwambiri m'khutu lotsekedwa.

FUNSO: Anzanga onse ku ofesi ali ndi opanda chingwe, ndipo amandiseka kuti ndine wachikale. Chingwe chili ndi phindu lanji masiku ano? Komanso foni yomwe ndikufuna kugula ilibe bowo la mahedifoni. Kalaliki wa pa esiteti ya tiyi, Thyolo.

YANKHO: Achimwene, asiyeni aseke. Magetsi akathima masiku awiri mudzaona amene adzabwereke kwa mnzake. Ta chingwe sititchajidwa, ndipo mulibe batire loti life. Opanda chingwe aja mabatire awo ndi aang'ono, omatidwa m'kati, ndipo akafooka pakapita zaka ziwiri kapena zitatu palibe chomwe ine ndingachite pabenchi langa. Chinanso chimene anzanuwo amaiwala ndi wailesi. Mafoni ambiri okhala ndi FM amagwiritsa ntchito chingwe cha mahedifoni ngati mlongoti. Popanda chingwe, mpira wa Loweruka muumvera pa intaneti, ndi bandulo yanu.

Pa kamvekedwe, ndinene chilungamo, kusiyana kulipo koma si kwakukulu monga ena amanenera. Bluetooth imayamba yafinya nyimbo isanaitumize, ndipo imachedwetsako mawu, chimene mumachiona pa kanema milomo ikamatsogola. Koma chachikulu ndi chakuti ndalama yanu pa opanda chingwe imagawika: ina batire, ina kabokosi kotchajira, ina timaikolofoni, yotsala ndiyo ya kasipika. Pa ta chingwe pafupifupi yonse imapita ku mawu.

Koma samalani ndi nyimbo zomwe mumamvera. CD imanyamula 1,411 kbps (muyeso wa kuchuluka kwa uthenga wa nyimbo pa sekondi iliyonse), MP3 yabwino kwambiri 320. Zambiri zimene timalowetsetsa pa memori kadi kwa anyamata a makompyuta pamsika zimakhala 128 kapena kutsika apo, zina zochotsedwa pa mavidiyo, zina zoti zadutsa m'mafoni ambirimbiri. Kahedifoni kabwino sikabisa zimenezi. Zitsulo za pa ng'oma zimamveka ngati zili m'madzi, ndipo munthu amayamba kuda kahedifoni kosalakwa.

Za bowo, Apple inalichotsa pa iPhone 7 mu 2016, Samsung inatsatira pa mafoni ake okwera mtengo, koma Tecno, itel ndi Infinix ambiri akadali nalo. Ngati foni mwaikondayo ilibe, gulani kachingwe kakafupi kolumikiza USB-C ndi pulagi ya mamilimita 3.5. Mufunse kokhala ndi DAC m'kati, kachipangizo kosandutsa manambala kukhala mawu. Tilipo tina totchipa topanda DAC, tomwe mafoni ambiri amatikana. Yeserani pa foni yanu pomwepo musanapereke ndalama. Dziwaninso kuti foni yopanda bowo nthawi zambiri FM ilibenso.

FUNSO: Ndimaimba kiyibodi m'kwaya ya ku mpingo kwathu. Anyamata a ng'oma akayamba, sindidzimva ngakhale pang'ono. Ndaona oimba a pa TV atavala timahedifoni. Kodi ndingangolumikiza tanga ku mikisa? Wakiyibodi, Bvumbwe.

YANKHO: Achimwene, maganizo ndi abwino, poti ntchito imene anatipangira poyamba ndi yomweyo. Koma musalumikize mwachisawawa.

Mabowo a mikisa olembedwa AUX anapangidwira kudyetsa ampulifaya, osati kuyendetsa mahedifoni. Mukalumikizapo mwachindunji, nthawi zambiri mumva khutu limodzi, mawu osakhala bwino, ndipo voliyumu yanu ili m'manja mwa munthu amene wakhala kumbuyo kwa tchalitchi. Bowo lolembedwa PHONES ndi la woyendetsa mikisayo, ndipo akangodina batani kuti amve maikolofoni imodzi, inunso mumva yomweyo. Chofunika ndi kaampulifaya ka mahedifoni kokoleka pa lamba. Chitsanzo chodziwika ndi Behringer P2, kamene kamalandira chingwe cha XLR, chija cha timapini titatu ngati cha maikolofoni, kuchokera ku AUX, kamayendera mabatire awiri a AAA, ndipo kali ndi kotembenuzira voliyumu pachiuno panu pomwe. Poti wakiyibodi sayendayenda, chingwe chachitali sichikusokonezani, ndipo simufunika zopanda chingwe zokwera mtengo zija.

Choopsa n'ichi. Maikolofoni ikalira tswii, kapena mwana wa Sande sukulu akaigwetsa pa simenti, anthu onse amamva kuchokera ku sipika ili patali, koma inu phokosolo lili m'kati mwa khutu, palibe kothawira. Choncho muyambe ndi voliyumu ili pansi penipeni nthawi zonse, muzikweza pang'onopang'ono. Ngati mikisa yanu ili ndi limiter, ija yoletsa mawu kukwera kupitirira muyeso, woyendetsa aiike pa AUX yanuyo. Ndipo pasapezeke wozula kapena kulumikiza zingwe inu mutavala.

Muuzeni akupatseni zochepa: kiyibodi yanu, wotsogolera nyimbo, besi pang'ono. Ng'oma musapemphe, zidzalowa zokha. Mudzadabwa tsiku loyamba kuti mpingo wasowa, mukuona pakamwa pa anthu pakuyenda koma osawamva. Ambiri pamenepo amazula khutu limodzi. Musatero. Khutu lotsegukalo limalandira chiphokoso chonse cha ng'oma, ndiye mumakweza voliyumu ya linalo kuti mupikisane nacho, mapeto ake makutu onse awiri avulala. Njira yabwino ndi kuimika maikolofoni imodzi yoloza kwa anthu, n'kuilowetsa pang'ono mu AUX yanu yokha, osaitumiza ku masipika.

FUNSO: Mwana wanga wa Fomu 3 savula timahedifoni, amagona nato. Ndikamuitana samva, ndipo masiku ena amadandaula kuti m'khutu mukulira. Bambo ake akuti timutayire m'chimbudzi. Kodi timeneti timagonthetsa? Mayi wodandaula, Chinakanaka.

YANKHO: Mayi, chogonthetsa ndi kukula kwa phokoso ndi kutalika kwa nthawi, osati kahedifoni pakokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa phokoso la ma decibel 80 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo kwa ana muyeso wake ndi 75. Phokoso likakwera, nthawi imatsika mofulumira kwambiri: pa 90 ndi maola 4 okha pa sabata, pa 100 ndi mphindi 20. Timahedifoni ta m'khutu, foni ikakwezedwa mpaka kumapeto, timatha kupitirira 100. Bungwe lomwelo limati achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pa chiopsezo chifukwa cha kamveredwe kotere.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tokhala ndi tiubweya, timene timasandutsa kugwedezeka kukhala uthenga wopita ku ubongo. Timeneti tikafa sitimeranso. Kulira kumene mwana wanu akunenako ndi chenjezo kuti tatopa. Kukamapitirira masiku angapo, mupite naye akamuyeze.

Koma ndiwapemphe bambo akewo aleze mtima. Mukamutayira tomwe timatseka khutu, iye akagula tija totchipa tongokhala pakhomo pa khutu, ndipo timeneto ndi timene timachititsa munthu kukweza kwambiri. Taganizani ali m'minibasi pa msewu wa Midima, injini ikubangula, wailesi ya dalaivala ili pamwamba, kondakitala akukuwa. Kuti amve nyimbo yake ndi kahedifoni kosatseka, ayenera kuposa phokoso lonselo. Kotseka bwino kamachotsa gawo lalikulu la phokosolo, ndiye voliyumu ya theka imamukwanira. Mukhale naye pansi, muone ngati timphira take tikumukwana, ndipo mugwirizane kuti kamzere ka voliyumu kasapitirire pang'ono pamwamba pa theka. Mafoni ambiri amachenjeza munthu akafika pa muyeso woopsa, ndipo ana amangodina kuvomera osawerenga. Kugona nato ndiye ayi. Ndi maola asanu ndi atatu a phokoso opanda phindu, khutu silipuma, ndipo pilo amakanikizira kahedifoni m'kati.

FUNSO: Ndine wakabaza wa njinga yamoto pakati pa Limbuli ndi Muloza. Ndi timahedifoni titi tomwe sitigwa m'khutu pa mabampu? Wakabaza, Limbuli.

YANKHO: Achimwene, ndikutidziwa, koma sindikuuzani. Chimene ndakhala ndikuyamikira pa tsamba lonseli, kutseka khutu, kwa inu ndi ngozi. Lole ya tiyi ikaliza hutala kumbuyo kwanu muyenera kuimva, ndipo mwanyamula mwana wa eni. Mverani pa siteji podikira makasitomala, mukakwera muvule.

FUNSO: Mbali yamanzere yayamba kumveka pansi kwambiri kuyambira mwezi wa June. Sindinagwetse, sindinanyowetse. Nditaye? Wolondolera alendo m'phiri, Likhubula.

YANKHO: Musataye, achimwene. Inu mukuti simunanyowetse, koma chiperoni chinakunyowetserani. Kunsonga kwa kampopi kuli kasefa kopyapyala. Mukatuluka m'mawa kukuzizira, kahedifoni kali kozizira, n'kukalowetsa m'khutu lofunda, chinyontho chimasanduka timadontho pa kasefako, makamaka ngati chigoba ndi chachitsulo. Timadontho timeneti tikasakanikirana ndi phula, timabowo ta sefa timatsekeka. Vulani kamphira muyang'ane padzuwa. Sefa yabwino imaoneka timabowo take, yotsekeka imaoneka yosalala, yachikasu. Lozetsani kampopi pansi, mutsuke ndi mswachi wouma wa mwana, mopepuka, kuti litsiro ligwe m'malo molowa. Singano musayerekeze, mudzaboola sefa. Kenako ikani timahedifoni m'kabotolo kotseka limodzi ndi timapaketi tija toyamwa chinyontho topezeka m'mabokosi a nsapato, tigone mmenemo usiku wonse. Mukamakwera ku Chambe kapena ku Lichenya, kabotolo komweko kazikhala m'chikwama.

Zikapanda kusintha, yang'anani mu foni, pansi pa Accessibility, ngati muyeso wa kumanzere ndi kumanja sunasendezedwe. Kenako zulani timahedifoni tonse pa chingwe n'kutisinthanitsa kwa kanthawi. Vuto likasamuka limodzi ndi kahedifoni, ndiye kuti ndi kasipika kapena sefa. Likatsala mbali yomweyo ya chingwe, chingwe chaduka m'kati, kawirikawiri pakhosi pa pulagi, pamene chimapindika foni ili m'thumba la buluku. Apa ndi pamene chingwe chozuka chimapulumutsa, poti mumangogula china. Tengani chakalecho pokagula, chifukwa malumikizidwe ndi osiyana: pali a timapini tiwiri ta mamilimita 0.78, pali a timapini tobisika m'kachipewa monga a KZ ambiri, palinso ozungulira otchedwa MMCX. Chingwe choonekera m'kati chikasanduka chobiriwira, ndi kopa chabe wachita dzimbiri pamwamba, mawu sasintha. Ndipo wina akakuuzani kuti chingwe cha siliva chokwera mtengo kuposa timahedifoni tanuto chiwonjezera besi, gulani chotchipa cha timapini toyenera, ndalama yotsalayo mugulire timphira.